Kuvula ndi Kuvulala: Nkhani ya Nsapato za Othamanga

Chaka chilichonse, nyengo ya mipikisano ya liwiro ikafika, pamakhala anyamata ena amene amayamba bwino koma osatha nawo masabata atatu. Wina amadandaula msongolo, wina bondo, wina chidendene chimene chimabaya ngati munga akangoponda pansi m'mawa. Amapuma sabata imodzi ululu nkuzilala, koma akabwerera ku bwalo ululu uja umabweranso pamalo pomwe paja. Zikatere sipalephera kupezeka mnzawo wowalangiza kuti, "Iwe, vula nsapatozo. Kumudzi unkathamanga wopanda nsapato, unkadwala mwendo ngati?" Ena amangoseka malangizo amenewa, pamene ena amawatsata tsiku lomwelo, nkuponya nsapato kunsi kwa bedi.

Funso limeneli si lachibwana ayi. M'maiko a azungu lazunguza madokotala ndi aphunzitsi a zamasewera kwa zaka zambiri, ndipo anthu adafika potengerana ku khoti pa nkhani yomweyi. Kwa ife a ku Chigwa cha Shire nkhaniyi ili ndi mbali zina zimene azunguwo sadaziganizire, pakuti nthaka imene iwo amaponda si imene timaponda ife ku Makhanga. Koma tiyeni tiyambe ndi phazi lenilenilo.

Chimene chimachitika phazi likagunda pansi

Phazi limodzi la munthu lili ndi mafupa 26. Ndiye kuti mapazi awiriwa asenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mafupa onse a m'thupi. Mafupawa adalumikizana mokhota ngati uta, ndipo kunsi kwa utawo kuli chingwe cholimba chochokera ku chidendene kukafika ku zala. Kumbuyo kwa chidendene kuli mtsempha waukulu umene madokotala amautcha Achilles, wolumikiza chidendene ndi katumba. Munthu akaponda, uta uja umaphwatalala pang'ono, mtsempha uja nkutamuka, kenaka zonse zimabwerera mwakale ndi kukankha thupi kutsogolo, monga umachitira mphira wa legeni.

Pothamanga pamakhala kamphindi pamene mapazi onse awiri ali m'malere, kenaka thupi lonse limagwera pa phazi limodzi. Mphamvu imene phazilo limalandira imaposa kulemera kwa mwini wake kawiri kapena katatu. Mnyamata wolemera makilogalamu 50 amakhala ngati akutula matumba awiri kapena atatu a chimanga pa phazi limodzi, ndipo amatero kambirimbiri pa kilomita iliyonse. Nchifukwa chake kavuto kakang'ono m'kapondedwe, kamene sikangaoneke munthu akuyenda kupita ku tchalitchi, kamasanduka bala lenileni akathamanga masiku otsatizana.

Thupi limatha kuzolowera katundu ameneyu, koma ziwalo sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimalimba msanga, moti patangopita masabata ochepa munthu amaona kuti befu watha ndipo amafuna kuonjezera mtunda. Mafupa ndi mitsempha zimatenga miyezi. Apa mpamene pagona gwero la kuvulala kobwerezabwereza: chifuwa chikuti tiye, fupa likadali m'mbuyo. Kupuma sabata imodzi kumachotsa ululu, koma sikulimbitsa fupa.

Nanga nsapato zimasintha chiyani? Nsapato zothamangira zimene tikuzidziwazi, zokhala ndi chidendene chochindikala ndi chofewa, zidafala m'zaka za m'ma 1970. Munthu akazivala samva kuwawa akamagunda pansi ndi chidendene, motero amatalikitsa mwendo kutsogolo, bondo litaongoka, ndipo kugundako kumakwera ndi msongolo mpaka ku bondo ndi m'chiuno. Akavula nsapato pa nthaka yolimba sangapitirize kutero, chifukwa chidendene chimamuuza msanga kuti zikuwawa. Amafupikitsa mapazi, amayamba kutera ndi kutsogolo kapena pakati pa phazi, ndipo akakolo ndi akatumba ndiwo amalandira kugunda kuja. Bondo limapepukidwa ndithu. Koma katunduyo sanachoke, wangosamuka, monga amachitira mayi wotula mtolo wa nkhuni pamutu nkuuika pa phewa.

M'chaka cha 2010, Daniel Lieberman wa ku Yunivesite ya Harvard ndi anzake adafalitsa zimene adapeza atayeza othamanga a ku America ndi a ku Kenya, kuphatikizapo ana a sukulu a ku Rift Valley amene anali asanavalepo nsapato. Adaona kuti ozolowera kuthamanga opanda nsapato kawirikawiri amatera ndi kutsogolo kwa phazi, ndi kuti kugunda kwadzidzidzi kumene kumaoneka mwa otera ndi chidendene kumakhala kochepa kwambiri mwa iwo. Nyuzipepala zambiri zidalemba ngati kuti nsapato zapezeka zolakwa pa mlandu. Koma kafukufukuyo adayeza kapondedwe chabe, sadawerenge anthu ovulala. Ndiponso m'chaka cha 2013 Kevin Hatala ndi anzake adayeza anthu a mtundu wa Daasanach, okhala pafupi ndi nyanja ya Turkana kumpoto kwa Kenya, amenenso savala nsapato, ndipo adapeza kuti ambiri mwa iwo amatera ndi chidendene akamathamanga modekha. Kumeneko nkotentha ndi kwa mchenga, kofananako ndi kwathu. Tsono si zoona kuti aliyense wopanda nsapato amaponda mofanana. Nthaka ndi liwiro nazonso zimalamula.

Buku limene lidavulitsa anthu nsapato

Munthu amene adatchukitsa nkhani ya kuvula nsapato pofuna kuthawa kuvulala ndi mtolankhani wa ku America, Christopher McDougall. Iyeyu ankati akathamanga mtunda wochepa phazi linkamupweteka, ndipo madokotala amene adawaona adamupatsa jakisoni ndi kumulangiza kuti thupi lake lalikululo silidayenere kuthamanga. Posakhutira, adapita ku mapiri a kumpoto kwa Mexico kukaona anthu a mtundu wa Tarahumara, amene amathamanga mitunda yaitali zedi m'zigwa za miyala. Ataphunzira kuponda mwa njira ina, adatha kumaliza nawo mpikisano wa makilomita pafupifupi 80 kumeneko m'chaka cha 2006. Buku lake lotchedwa Born to Run lidatuluka m'chaka cha 2009, ndipo lidagulidwa kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri owerenga bukuli adazilumpha. Choyamba, a Tarahumara sathamanga ndi phazi lokha. Amavala nsapato zopyapyala zosema ku matayala akutha, zomangira ndi zingwe zachikopa, zosasiyana kwenikweni ndi zimene amisiri amasema m'misika ya kuno. Chachiwiri, McDougall sadangosintha za kuphazi zokha, koma adasintha kapondedwe ndi kakonzekeredwe kake konse, ndipo zidamutengera miyezi yambiri ali ndi mphunzitsi.

Anthu zikwizikwi sadadikire miyezi imeneyo. Kampani ya Vibram inali itapanga nsapato zopyapyala zokhala ndi malo a chala chilichonse, zotchedwa FiveFingers, ndipo inkalengeza kuti zimalimbitsa mapazi ndi kuchepetsa kuvulala. Anthu adazilimbirana pa mtengo wokwera. Kunena zoona, nkhani imeneyi imandiseketsa pang'ono: munthu kulipira ndalama zambiri kuti amve ngati sadavale nsapato, pamene kwathu mwana amalira kuti amugulire nsapato! Koma mapeto ake sadali oseketsa. M'chaka cha 2013 Sarah Ridge ndi anzake a ku Yunivesite ya Brigham Young adajambula ndi makina a MRI mapazi a othamanga amene adasamukira ku nsapato zimenezi m'masabata 10. Mwa anthu 19, anthu 10 adapezeka kuti mafupa a m'phazi ayamba kutupa m'kati, chizindikiro chakuti fupa lalemedwa ndipo lingathe kung'aluka. Chaka chotsatira, 2014, kampani ija idavomera kupereka madola 3.75 miliyoni kwa ogula amene adaisumira, ndi kuleka kulengeza zimene inalibe nazo umboni.

Kafukufuku wina, wa Allison Altman ndi Irene Davis, amene adatuluka m'chaka cha 2016, adatsatira othamanga pafupifupi 200 kwa chaka chathunthu, ena ovala nsapato ena osavala. Osavala aja sankadandaula kwambiri za maondo ndi m'chiuno, koma ankavulala akatumba ndi kunsi kwa phazi. Atawerengera mtunda umene gulu lililonse lidathamanga, kuvulala kudapezeka kofanana. Walira mvula walira matope.

Abebe Bikila ndi anzake

Wolimbikitsa kuvula nsapato aliyense amatchula dzina la Abebe Bikila, ndipo nzoona kuti mbiri yake njokoma. Iye anali msilikali wolondera mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Pa 10 September 1960 adapambana mpikisano wa marathon, wa makilomita 42 ndi mamita 195, pa masewera a Olimpiki mu mzinda wa Rome, wopanda nsapato, m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16. Adali munthu wakuda woyamba wa mu Africa kulandira mendulo ya golide pa masewerawa. Komabe tisaiwale mmene zidakhalira. Nsapato zimene adapeza ku Rome sizidamukwane bwino ndipo zidamutulutsa matuza, choncho adabwerera ku zimene mapazi ake adazolowera kuyambira ubwana. Mpikisanowo udayamba madzulo nkutha kutada, asilikali atanyamula miyuni m'mbali mwa msewu, ndiye kuti miyala inali itayamba kuzizira. Patapita zaka zinayi, ku Tokyo m'chaka cha 1964, Bikila yemweyo adapambananso atavala nsapato, ndipo adachotsa mphindi zitatu pa nthawi yake ya ku Rome.

Zola Budd wa ku Bloemfontein ku South Africa adapambana mpikisano wa dziko lonse wothamanga m'thengo m'zaka za 1985 ndi 1986 wopanda nsapato, koma nayenso adakulira m'moyo umenewo, ndipo atakula ankavala nsapato pa misewu ya tala. Masiku ano akatswiri apita mbali inayo. Eliud Kipchoge wa ku Kenya adathamanga mtunda wa marathon m'nthawi yosakwana maola awiri ku Vienna m'chaka cha 2019 atavala nsapato zochindikala kwambiri, moti m'chaka cha 2020 bungwe la World Athletics lidaika lamulo lakuti nsapato za pa msewu zisapitirire mamilimita 40 kuchindikala kwake. Malamulo a bungwe lomweli amalolabe munthu kupikisana wopanda nsapato.

Kuno kwathu chitsanzo chili pa phiri la Mulanje, lomwe limatitumizira madzi a Ruo. Pa mpikisano wa Porters Race, woyambira ndi kuthera pa Likhubula, anthu amakwera ndi kutsika phiri mtunda woposa makilomita 20, ndipo ena amatero opanda nsapato. Mlendo amadabwa, koma mapazi amenewo akhala akuponda miyala yomweyo kuyambira ali ana, atasenza katundu kapena nkhuni.

Phazi la mnyamata wa ku seminale

Tsono tibwere kwa ife eni. Ambiri a ife tidakula tikuthamanga opanda nsapato, pobusa mbuzi, pa mpira wa chikulunga, popita ku sukulu ya pulaimale. Titasankhidwa kubwera kuno, nsapato zidali pa mndandanda wa zofunika, ndipo kuyambira pamenepo timazivala m'kalasi, m'tchalitchi ndi ku bwalo. Pakutha pa zaka ziwiri kapena zitatu chikopa cha kuphazi chimafewa, timinofu ta m'phazi timachita ulesi, ndipo thupi lalemera kuposa mmene linaliri ku Sitandade 8. Mnyamata wa Fomu 3 amene akuti "ndidazolowera" akunena za phazi limene alibenso. Iye sali ngati Bikila, komanso sali ngati mzungu amene sadapondepo dothi. Ali pakati, ndipo angathe kubwerera msanga kuposa mzunguyo, koma osati tsiku limodzi.

Kumbali inayi, nsapato zimene timathamangira nzotani? Zambiri nza pa kaunjika. Opanga nsapato amalangiza kuti nsapato yothamangira isinthidwe ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo imene yafika pa msika wa ku Bangula kapena ku Limbe mwina mwini wake woyamba adaitaya itakwanitsa kale mtundawo. Kunja imawala ikachapidwa, koma kunsi idadyeka mbali imodzi potsata kapondedwe ka munthu wina, ndipo imapendeketsa phazi la mwini watsopano pa sitepe iliyonse. Ina imakhala yaikulu poti makolo adati mwana akulira momwemo, ina yothina poti ndi yomwe idapezeka. Mnyamata wovala nsapato yotere akaivula nkupeza bwino, sindiye kuti nsapato zonse nzoipa. Yoipa inali imeneyo.

Nthaka ya ku Makhanga

Olemba mabuku a kuvula nsapato amaganiza za kapinga wotchetchedwa bwino. Makhanga ali pakati pa Shire ndi Ruo, ndipo m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Mchenga wa masana umaotcha moti ngakhale agalu amayenda mothamangira mthunzi, ndipo phazi lofewa limatuluka matuza lisanathe kilomita imodzi. Pali minga ya masau ndi ya mthethe, pali miyala yakuthwa ya m'mbali mwa njanji, ndipo m'malo a dothi la makande nthaka ikauma imang'ambika ming'alu yoti phazi nkulowa, munthu nkubinya. M'tinjira ta m'thengo mphiri imakonda kugona osasuntha, makamaka m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe wothamanga amasankha pothawa dzuwa.

Madzi osefukira adaonjezera zina. Chigumula cha January 2015, cha March 2019, cha namondwe Ana mu January 2022 ndi cha namondwe Freddy mu March 2023 zidasiya mchenga wooneka wosalala bwino, koma kunsi kwake kudakwiririka malata, misomali ndi mabotolo osweka. Bala lakuya la msomali ndilo khomo la kafumbata, ndipo amene walasidwa ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za katemera.

Koma mdani wamkulu wa wothamanga saoneka ndi maso. Zimbudzi zikagwa ndi madzi, mazira a njoka za m'mimba amafalikira m'dothi. Mtundu wina wa njokazi umaswa timphutsi timene timadikira m'dothi lonyowa ndi lofunda, ndipo timaboola khungu la kuphazi popanda munthu kumva kanthu koposa kuyabwa. Timayenda ndi magazi mpaka m'mapapo, timakwera kukhosi, munthu nkutimeza, ndipo tikafika m'matumbo timakakamira ndi kuyamba kuyamwa magazi. Magazi akachepa, mpweya sufika mokwanira m'minofu. Mnyamata amene adavula nsapato kuti apulumutse bondo angathe kudabwa patapita miyezi kuti befu akumupeza msanga, osadziwa kuti chifukwa chake chidalowera kuphazi. Mankhwala ake alipo, monga albendazole amene amaperekedwa m'sukulu, koma munthu amatenganso njokazo akapondanso pomwepo. Za matekenya sindinena zambiri, aliyense amene adawazulapo ndi singano akudziwa.

Wofuna kuyesa ayambe bwanji

Choyamba ndi kudziwa chimene chikupweteka. Ngati vuto ndi bondo kapena msongolo, ndipo limabwera chifukwa chotalikitsa mwendo ndi kugunda ndi chidendene, kuthamangako pang'ono wopanda nsapato kungathandize, pakuti phazi limaphunzitsa lokha mwini wake kuponda mopepuka. Koma ngati chikupweteka ndi katumba, mtsempha wa Achilles kapena pamwamba pa phazi, kuvula nsapato nkuonjezera katundu pa chiwalo chodwala kale. Ndipo palibe amene ayenera kuyamba bala lakale lisanapole.

Malo ake ndi bwalo la mpira louma, limene munthu waliyendera kaye ndi kutola zonse zobaya, kutali ndi zimbudzi ndi kumene ziweto zimagona. Nthawi yake ndi m'mawa dzuwa lisanakwere. Masiku oyamba kungoyenda kokha nkokwanira, kenaka kuthamanga modekha mphindi zisanu, tsiku lotsatira nkupuma. Mtunda wotsalawo athamange ndi nsapato monga kale, ndipo mphindi zopanda nsapato aziwonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Mapazi azitera pansi pa thupi, osati kutsogolo kwenikweni, masitepe afupiafupi ndi ofulumira. Khutu limathandiza: amene akumveka phaphapha patali akugunda kwambiri. Asakakamize kuthamangira pa zala ngati nkhuku yoponda pa moto, chifukwa chidendene chiyenera kutsika ndi kukhudza pansi phazi litatera. Zonsezi zimatenga miyezi itatu kapena kuposerapo, choncho woyamba sabata imodzi mpikisano usanachitike akudzitchera yekha msampha.

Kuuma kwa akatumba masiku oyamba si kodabwitsa, ndipo kumatha. Ululu woopsa ndi umene uli pamalo amodzi pa fupa, woti munthu angathe kuuloza ndi chala chimodzi, umene umakula akamathamanga ndipo nthawi zina pamatupa. Umenewo ungakhale mng'alu wa fupa. Aleke kuthamanga ndi kukaonana ndi dokotala, kwa ife a tsidya lino la Shire ku chipatala cha Trinity ku Muona kapena cha boma ku Nsanje. Adziwenso kuti mng'alu wotere kawirikawiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri oyamba, motero chithunzi choyera si chilolezo chobwerera ku bwalo. Kwa abambo ansembe ndi makolo athu amene ali ndi matenda a shuga, nkhani yovula nsapatoyi si yawo konse, pakuti matendawa amachititsa dzanzi mapazi ndipo bala laling'ono limavuta kupola.

Mpira ndi nkhani ina. Kusewera wopanda nsapato pakati pa anzako ovala jombo ndi njira yachidule yothyolera zala, ndipo palibe kafukufuku wa kapondedwe amene angakuteteze.

Makolo amene akugula nsapato pa kaunjika atembenuze nsapatoyo ndi kuona kunsi, kenaka aiike pamalo osalala. Ngati yapendekeka, aisiye ngakhale ikhale ya dzina lotchuka. Mwana aiyese yekha, makamaka madzulo pamene phazi latupako, ndipo pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale malo okwana chala chachikulu cha kumanja. Nsapato ya kanivasi yopepuka, yokhala ndi malo okwanira zala, imaposa yochindikala yakutha. Pa tchuthi, m'njira za kumudzi kumene minga ndi dothi lonyowa sizingapewedwe, nsapato za matayala zija zimagwira ntchito imene a Tarahumara amazipatsa: phazi limapinda ndi kugwira ntchito momasuka, koma munga ndi timphutsi sizipeza polowera kunsi. Chofunika ndi kuuza mmisiri kuti aseme mphira wopyapyala, achotse mawaya onse a m'tayala, ndipo aike lamba wa kumbuyo kwa chidendene kuti zala zisamavutike kugwira nsapato pothamanga.